MPIKISANO WA MAU NDI MPFUU YA KHAMU

Pali maimbidwe ena amene anafika m'dziko lathu kucokera ku America, amene anyamata awacha rap. Ndipo mwa mitundu yace ulipo umodzi umene akuru ambiri auda koposa, ndiwo uwu wakuti anyamata awiri aima pamaso pa khamu, nalasana ndi mau, yense kufuna kumtsitsa mnzace, kufikira anthu anena kuti uje wagwa. Ife okhala kuno ku Nkhotakota timva makani ace kugombe pamene asodzi ali kusoka makoka, ndi pamsika wa mpunga, ndi pakhonde la sukulu nthawi yopuma. Pakuti foni imodzi ikwanira makutu ambiri. Cimene catidabwitsa ndi ici, cakuti makaniwo sakhalitsa pa oimbawo, koma atembenukira msanga kwa omvera. Wina ati, Kodi sunamva umo anthu anapfuulira? Mnzace nati, Anthu aja sanamva kanthu, anangopfuula. Tsono tifuna kuiyesa mpfuu imeneyi, tione ngati iri mboni yokhulupirika kapena iai.

Poyamba tinene kwa akuru amene ali kupukusa mutu, kuti cinthuci si cacilendo monga aciyesa. Itatha nkhondo yaikuru ya 1914 kufikira 1918, asilikari ndi amtengatenga pobwerera kwao anadza naye gule wa beni, amene anayambira m'midzi ya Aswahili kugombe la nyanja yamcere. Ndipo m'mbali mwa nyanja yathu ino anakula malipenga a Atonga ndi a ku Likoma, ndi mganda wa kuno kwathu, akazi nabvina cioda cao. Mphunzitsi wa mbiri, T. O. Ranger, m'buku lace la 1975, anafotokoza kuti beni sanayenda ngati gulu limodzi, koma magulu opikisana, ndipo ochuka mwa iwo anali Marini ndi Arinoti, amene ananyozana m'nyimbo zao. Inu amene munaona mganda mudziwa kuti gulu liri lonse lichedwa boma, liri nayo mfumu yace ndi akapitao ace. Mudziwanso kuti boma lina likadza kudzaceza, silidzera nsima yokha. Lidza ndi makabudula oyera osita bwino, ndi nyimbo zatsopano zimene linaphunzira usiku mobisa. Ndipo woweruza wamkuru pa tsikulo ndiye khamu. Kumene anthu akhamukira, kumene akazi aimba nthungululu nafupa obvina, kumeneko ndiko kwapambana. Palibe mkuru amene sanabwerere ku mganda ali kutsutsana ndi mnzace njira yonse za boma limene linaposa.

Ndipo si amuna okha. Mkazi wa pamitala, amene sakhoza kumyankha mnzace pamaso pa mwamuna, amyankha pamtondo. Munsi ugunda, nyimbo nituruka, ndi mudzi wonse udziwa amene alasidwa, cinkana dzina silinachulidwe. Asuweni nawonso atonzana mau amene mlendo akawamva ayesa kuti ndeu yayandikira, koma eni ace ali kuseka. Zonsezi ndi mipikisano ya mau. Koma pali kanthu kamodzi m'menemo kamene tidzabwererako, ndiko kuti makolo athu analasa ndi cining'a, nasiya dzina la munthu pambali.

Tsopano tiyeni tione mlandu umodzi wochuka, umene odziwa za maimbidwe awa auyesa ciyambi ca mipikisano yotere. Rap inabadwa m'mudzi waukuru wa New York. Pa 11 August 1973 mnyamata wocokera ku Jamaica, wochedwa Kool Herc, anaimbitsa mbale za nyimbo paphwando m'dera la Bronx, ndipo tsikulo ambiri aliwerenga ngati tsiku lobadwa la hip hop. Masiku oyambawo wogwira cimkuza-mau sanali mwini phwando ai; anali wothandiza cabe, ndi nchito yace inali kudzutsa anthu kuti abvine, asakhale pansi. Pa nchito imeneyi panalibe ambiri olingana ndi Busy Bee Starski. Iye anali ndi mau owerengeka, amene anawabwereza phwando ndi phwando, ndi kamaimbidwe kena ka mau opanda tanthauzo kamene anthu anakakonda. Anafunsa khamu nyumba yodyeramo imene liikonda, nafunsa yense nyenyezi ya mwezi umene anabadwa, monga mwa mwambo wa kumeneko, ndipo anthu anayankha ndi mphamvu yao yonse. Ife tikadamucha wotsogolera nyimbo, uja amene aponya mau awiri, akazi makumi atatu nabvomera. Winayo anali Kool Moe Dee, wa m'gulu la anyamata atatu lochedwa Treacherous Three, mnyamata wa zaka ngati 19, amene anakonda kuluka mau ambiri m'mpweya umodzi, ndi kuwathamangitsa msanga osapunthwa.

M'mwezi wa December 1981 kunali mpikisano wa nyengo ya Khrisimasi m'nyumba ya masewera yochedwa Harlem World, pa 116th Street m'dera la Harlem. Busy Bee, amene anazolowera kupambana, anadzitama kuti mphotho iri yace kale. Anakwera, nacita monga mwa masiku onse, ndipo khamu linamyankha mokondwa. Pamenepo Kool Moe Dee anatenga cimkuza-mau, ndipo m'malo mwa kulankhula ndi khamu, analunjika kwa Busy Bee, namchula dzina. Anamseka cifukwa ca mau ace opanda tanthauzo. Anamneneza kuti mau ena anawatenga kwa woimba wina, Spoonie Gee, ndi kuti dzina lomwe analibwereka kwa Lovebug Starski. Anati mafunso aja a zakudya ndi a nyenyezi ndi omwewo caka ndi caka. Tikadamasulira mlandu wonsewo m'cinenero cathu, ukadakhala mwambi umene tiudziwa tonse, wakuti nyimbo imodzi sacezera gule. Atatha kumneneza anathamangitsa mau ace, kuti aonetse ndi nchito cimene mnzaceyo sakhoza kucita. Ndipo khamu lomwe lija, limene kanthawi kapitako linayankha Busy Bee ngati munthu mmodzi, linapfuula kwa womtsutsa kufikira mau ena osamveka.

Apa ndipo pagona nkhani yathu. Anthu amodzimodzi, usiku umodzimodzi, anapfuulira awiri otsutsana. Kodi anali onyenga? Ife titi iai; koma mpfuu ziri za mitundu, ndipo khutu losazolowera liziyesa imodzi. Ilipo mpfuu ya munthu amene wapatsidwa gawo m'nyimbo; apfuula cifukwa wafunsidwa, ndipo akondwa kumva mau ace pamodzi ndi a anzace. Imeneyi ndiyo anailandira Busy Bee, ndipo iri yabwino, yopanda njiru. Koma siweruza kanthu, pakuti wobvomera nyimbo ali m'kati mwa nyimboyo, ndipo munthu saweruza mlandu umene ali nao gawo. Ilipo yina ya kudzidzimuka, imene ituruka pamene wina wanena pagulu cimene onse anacidziwa, koma analibe mtima wa kucinena. Ife aphunzitsi tiidziwa bwino mpfuu iyi. Ndiyo imene idzaza cipinda pamene mwana wayankha mphunzitsi mwacipongwe, ndipo anzace sapfuula cifukwa yankho liri lanzeru, koma cifukwa aona kuti mpanda wathyoka. Tiyesa kuti mbali yaikuru ya mpfuu ya ku Harlem World inali yotere. Anthu aja sanazolowera kumva woimba ali kumchula mnzace dzina ndi kumbvula pamaso pa onse, mwini wace ali pomwepo. Ndipo cinthu catsopano cidzutsa phokoso, cikhale cabwino kapena coipa.

Koma ilipo yacitatu, imene ife tiichera khutu koposa zinazo, ndiyo mpfuu yocedwa. Woimba anena mau. Pakhala kacete ka mpweya umodzi. Pamenepo mmodzi aseka kumbuyo, wina namtsata, kufikira bwalo lonse lagwedezeka. Kacete kajako ndi nthawi imene mutu uli kumasula mfundo. Mpfuu yotere sigulidwa ndi zobvala, kapena ndi kucuruka kwa abale amene unadza nao. Ituruka pokhapo pamene anthu amva ndithu. Akuru amene akhala pabwalo la milandu aidziwa, pakuti ndiyo imene itsata mwambi woponyedwa pa malo ace.

Mlandu wa ku Harlem World sunathera m'nyumba muja. Usikuwo unajambulidwa pa kaseti, ndipo kasetiyo inajambulidwanso, niyenda dzanja ndi dzanja, kufikira anthu osawerengeka amene sanapondako anaumva. Awa ndiwo anakhala bwalo laciwiri, ndipo ciweruzo cao ndico cinalowa m'mabuku, cakuti usiku umenewo wodzutsa phwando anagwa, woluka mau natenga mpando. Koma tizindikire kuti bwalo ili liri ndi tsankho lace. Kaseti isunga mau, nitaya zina zonse. Sisunga thukuta, kapena nkhope ya woimba, kapena umo anthu otopa ndi nchito ya sabata anaiwalira mabvuto ao pamene anafunsidwa funso lopusa lija. Munthu amene akhala yekha m'nyumba ndi kaseti akhoza kubweza mau a Kool Moe Dee kasanu, napezamo catsopano nthawi iri yonse. Akabweza funso la Busy Bee kasanu, palibe womuyankha, ndipo limveka ngati kuitana m'nyumba yopanda anthu. Cimodzimodzi mukajambula mganda, ndi kuumvera m'mawa mwace osaona mapazi. Mudzamva malipenga ndi ng'oma, ndipo mudzati, Kodi n'cimeneci cimene tinayendera mitunda isanu? Mulibe colakwa m'kasetimo, koma gule sanalowamo.

Cifukwa cace sitibvomerezana nao anyamata ophunzira amene anyoza woimba ali yense wokondweretsa khamu, nati alibe nzeru. Kugwira anthu mazana ndi mau owerengeka, kudziwa nthawi ya kufunsa ndi nthawi ya kutonthola, ndi luso lobvuta. Aliyese amene aliyesa lapafupi, aime pa ukwati, ayambitse nyimbo, aone ngati adzambvomera. Nyimbo zathu zambiri, za pamtondo, za pokoka khoka, za pamaliro, ziima pa luso limeneli. Komabe tikafunsidwa za usiku uja, tinena mosabisa kuti Kool Moe Dee anapambana, ndipo anayenera. Cifukwa cace si liwiro la lilime lace, pakuti liwiro lokha liri ngati mwana wochula alifabeti msanga. Cifukwa cace n'cakuti mau ace anali a usiku umenewo, a munthu ameneyo, pa zimene onse anali atangoziona. Sakadatha kuwanena kwina. Ndipo mlandu umene ananena unali wa nchito: anati, Ubwereza, ubwereka. Sanatukwana amace a mnzace, kapena kuchula cilema ca thupi lace. Anamtsutsa monga mmisiri atsutsa mmisiri mnzace, nasema bwato lace pomwepo kuti anthu alinganize.

Tsoka lace n'lakuti otsatira ambiri sanaphunzira ici. Anaphunzira cinthu capafupi, cakuti kuchula dzina kudzutsa mpfuu yaikuru; ndipo popeza khamu lizolowera msanga, cimene cinadzidzimutsa dzulo lero sicidzidzimutsanso, ndipo woimba ayenera kukumba mozama m'nyumba ya mnzace kuti apeze phokoso lomwelo. Apa omvera ali ndi mlandu wao, pakuti ndiwo alipira. Tupac Shakur anaomberedwa ku Las Vegas mu September 1996, namwalira ali ndi zaka 25, Notorious B.I.G. anaomberedwa ku Los Angeles mu March 1997, ali ndi zaka 24. Onse awiri anafa pa nthawi imene udani wa oimba a kum'mawa ndi a kumadzulo kwa America unakula, ndipo olemba nyuzi ndi omvera, amene analibe cotaya, anali kusonkhezera moto.

M'caka ca 2001 oimba awiri a ku New York, Jay-Z ndi Nas, analasana ndi nyimbo. Wailesi ya Hot 97 inaitana omvera kuti asankhe, ndipo ambiri anasankha Nas. Koma ciweruzo cimene ife ticikumbukira sicinacokera kwa omverawo. Jay-Z, pofuna kubwezera, anaimba zamanyazi za mkazi amene anabala mwana wa Nas. Ndipo amai ace a Jay-Z atamva anamdzudzula, mwana wao napepesa pawailesi. Mkazi mmodzi wacikulire anaona malire amene zikwi za opfuula sizinawaona. Awiriwo anayanjana poyera m'caka ca 2005, naima pa nsanja imodzi. Koma mkazi uja, amene sanalowa mpikisano uli wonse, palibe anambwezera ulemu umene unatayika.

Makani amene anyamata athu awadziwa koposa ndiwo a 2024, a Kendrick Lamar wa ku Compton ndi Drake wa ku Toronto. Otsatira anagawana monga kale: awa nati wao ndiye wozama, popeza analandira mphotho ya Pulitzer m'caka ca 2018, awo nati wao ndiye amene dziko lonse libvina nyimbo zace. Koma taonani umo zinathera. Kendrick Lamar anaturutsa nyimbo zingapo, zina zazitali ndi zolemera. Imene inatseka pakamwa otsutsa inali Not Like Us, ya mu May 2024, yobvinika, ya mau apafupi amene mwana akhoza kubvomera. Ndiko kunena kuti mdzukulu wa Kool Moe Dee anapambana ndi cida ca Busy Bee. Nyimboyo inalandira mphotho zisanu za Grammy mu February 2025, ndipo m'mwezi womwewo khamu la ku bwalo la mpira ku New Orleans linaibvomera pamodzi. Tsono m'nyimbomo munali cinenezo coopsa, cimene Drake anacikana. Anasumira kampani ya Universal Music Group, ndipo mu October 2025 woweruza wa ku New York anaucotsa mlanduwo, nati womvera wanzeru sayesa mau a mpikisano wotere ngati umboni. Mwina mwa malamulo kuli tero. Koma ife tiwamva ana kugombe ali kubwereza cinenezoco ngati cinthu cotsimikizika, ndipo ambiri a iwo sadziwa ndi tanthauzo lomwe la mau amene ali kuimba. Cinenezo cikabvala nyimbo yokoma ciyenda mtunda umene cikano sicidzafika.

Kwa anansi athu ku Zambia kunaoneka mtundu wina wa tsankho. M'zaka zoyamba zitapita 2010 kunali makani pakati pa Slap Dee wa ku Lusaka, amene aimba kwambiri m'Cinyanja ca m'tauni, ndi Macky 2 wa ku migodi ya Copperbelt, amene aimba kwambiri m'Cibemba. Ndipo otsatira ambiri anasankha mbali monga mwa mudzi wao ndi cinenero cao, nyimbo isanayambe. Ici siticiyesa cacilendo, pakuti ndani wa ife anabvomerapo kuti boma la kwao lagonja pa mganda? Mpfuu ya wacibale iri yokoma kwa woimba, koma ingowerenga anthu amene anakwera nao galimoto.

Kuno ku Malawi mpatuko waukuru wakhala wa cinenero. Alipo amene anachuka ndi Cingerezi coluka bwino, monga gulu la Real Elements ndi Third Eye. Alipo amene anatenga Cicewa ca m'makwalala a Lilongwe ndi Blantyre, monga Phyzix ndi Fredokiss. Ndipo Tay Grin anadzicha mfumu ya Nyau, nakwera ndi gule wamkuru pa nsanja. Otsatira a oyambawo ati enawo angosangalatsa anthu wamba. Otsatira a enawo ati oyambawo aimbira Azungu. Ife tiona kuti mbali zonse ziwiri zipfuula msanga. Mnyamata akathamangitsa Cingerezi pamaso pa anthu amene theka lao silimva, mpfuu imene alandira ndi ya ulemu umene tipatsa cinenero ca mayeso ndi ca maofesi. Ikadaturuka cimodzimodzi akadawerenga malamulo a sitima ya Ilala mwa liwiro lomwelo. Ndipo mnzace akagwirizanitsa mathero a mau m'Cicewa, anthu nakondwa, tikumbuke kuti nchitoyo m'cinenero cathu iri yopepuka ndithu. Mau athu onse atha ndi a, e, i, o, kapena u, ndi aneni ambiri atha ndi a. Kotero kuti mwana wa Standard 4 akhoza kulumikiza kudya, kugona, kulira, kuthawa, kufikira dzuwa litalowa. M'Cingerezi kupeza mau olingana mathero ndi usodzi wa mbedza. M'Cicewa nsomba zilowa zokha m'bwato. Amene atengera muyeso wa Cingerezi pa Cicewa ayamika cinthu cimene sicinatopetsa munthu.

Cuma ca cinenero cathu ciri kwina. Ciri m'miyambi ndi m'zining'a, m'mikuluwiko imene ilasa munthu iye ali kuseka. Ciri m'mau aja ofanizira, monga phwii, ndi zii, ndi mbee, amene aika cinthu pamaso pako ndi mpweya umodzi. Cirinso m'kukwera ndi kutsika kwa liu, kumene kusiyanitsa mtengo wa m'thengo ndi mtengo wa pamsika, kapena khungu la thupi ndi khungu la maso, cinkana zilembo ziri zimodzimodzi. Akazi a pamtondo anadziwa kale kugwira zida izi, ndipo tiyesa kuti kusachula dzina kuja sikunali mantha okha, kunali luso. Pakuti kuchula dzina akhoza ali yense, koma kumjambula munthu kuti mudzi wonse umzindikire wosachulidwa kufuna diso ndi lilime.

Kunalinso nzeru ya kukhalirana. Anthu a ku Harlem World anabalalika m'mudzi wa anthu mamiliyoni, ife sitibalalika. Amene wamtukwana lero udzakoka naye khoka limodzi mawa, ndi amace adzakhala pafupi ndi amako pamaliro. Kuno kwathu Asilamu ndi Akristu akhala khomo ndi khomo kuyambira masiku a Jumbe ndi a mishoni imene inakhazikika pano m'caka ca 1894, ndipo akwatirana, nagawana madimba a mpunga; mnyamata wofuna mpfuu ya msanga adziwa bwino pamene angaipeze, ndipo tipempha omvera kuti pamenepo amyankhe ndi cete. Boma la mganda linali nayo mfumu yokhoza kuletsa nyimbo yopyola malire isanaturuke m'mudzi, ndipo nyimbo imene inaturuka inatha ndi pfumbi la tsikulo. Mau ojambulidwa pa foni alibe mfumu yowaletsa, ndipo afika ku Dwangwa ndi ku Johannesburg usiku womwewo, kwa abale a munthu wotukwanidwayo.

Sitinena kuti anyamata aleke. Mnyamata amene aphunzira kuimirira pamaso pa anthu, ndi kumva mau omlasa osakweza dzanja, ndi kuyankha pomwepo ndi mau okonzeka, waphunzira cimene ankhoswe ndi aphungu a mfumu acifuna, cimene ife m'sukulu tilephera kawiri kawiri kuciphunzitsa ndi coko. Koma tifuna kumva mau amene abadwa kuno. Tiyerekeze kuti wina wadzitama, monga acita onse, kuti iye ndi wa mtengo wapatali, sakhoza kuimba popanda ndalama zambiri. Mnzace akhoza kumtukwana, anthu nadzapfuula pomwepo. Akhozanso kumbvomereza mwaulemu, nati, Zoonadi, acimwene, mtengo wanu ngwaukuru, tonse tiuona kutali, ndiwo mlambe. Pamenepo aleke, asaonjeze kanthu. Alendo a ku tauni adzayesa kuti wamtama. Koma asodzi, amene adziwa kuti mlambe ndi wofewa m'kati ndi kuti palibe anasemapo bwato, adzayamba kuseka kumbuyo, ndipo wodzitamayo adzafunika kupeza yankho kusekako kusanafike kutsogolo.